Mwezi Woyamba Waulere Uli Ngati Mono

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa Shire, pomwe mtsinjewu umatuluka m'nyanja ya Malawi kulowera ku Malombe, amaudziwa mono. Amauluka ndi nsungwi zong'alula kapena bango, kumbuyo n'kumangako ndi chingwe. Luso lonse la woluka lili kukamwa. Kunja n'kotambalala, koma mkati kumanka kucheperachepera, ndipo nsonga za timitengo take zonse zimaloza mkati. Nsomba ikamalowa, timitengoto timagonja n'kuipatsa njira. Ikatembenuka kuti ituluke, imapeza kabowo kakang'ono pakati, nsonga zitaiyang'ana. Msodzi amaikamo nyambo, kaya ndi gaga kaya mkute wa nsima, n'kuutchera m'mabango dzuwa likamalowa. Iye sapalasa bwato usiku wonse ngati anzake a chilimira, ndipo sathamangitsa nsomba. Amapita kukagona, m'mawa n'kubwera kudzawonjola.

Pali malonda ena a pa intaneti ndi a pafoni amene analukidwa chimodzimodzi, ndipo afika kale kwathu kuno. Mawu ake amakoma: yesani kwa masiku 30 osalipira kanthu. Mukadina kuti mwalola, amakupemphani nambala ya khadi la kubanki, mwezi umene khadilo lidzathere ntchito, ndi manambala 3 a kuseri kwake. Apa m'pamene munthu ayenera kuima kaye. Wokupatsani chinthu chaulere akulifuniranji khadi lanu? Yankho lili m'timalemba ting'onoting'ono tapansi, ta Chingerezi, timene ambirife sitiwerenga. Timanena kuti masiku aulerewo akatha, umembala udzapitirira wokha, ndipo ndalama izichotsedwa mwezi ndi mwezi mpaka mwiniwakenu mutauletsa. Sadzakufunsaninso. Kukhala chete kwanu adzakuwerengera kuti mwavomera.

Chitsanzo chodziwika dziko lonse ndi Amazon Prime. Kampani ya Amazon ya ku America inayambitsa umembalawu mu 2005, pa mtengo wa madola 79 pachaka. Wolipira ankalandira katundu yemwe wagula pasanathe masiku 2, osalipira mtengo wotumizira. Kenako anawonjezeramo makanema, nyimbo ndi zina. Kuyambira mu 2022 mtengo wake ku America ndi madola 14.99 pamwezi kapena 139 pachaka, ndipo khomo lolowera la anthu ambiri lakhala mwezi waulere uja. Nzeru yake njosavuta kuimva. Munthu amene walipira kale umembala safuna kukagula kwina, chifukwa amaona ngati akutaya ndalama yomwe walipirayo, motero amagula zambiri pamalo amodzi. Makampani ena ataona kuti zikuyenda, anatengera. Lero masitolo a pa intaneti, oonetsa makanema, ogulitsa nyimbo, ngakhale timapulogalamu tokongoletsera zithunzi pafoni, tonse tili ndi masiku oyesera.

Wina afunsa kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife a ku Mangochi. Zikutikhudza kudzera ku Joni. N'kovuta kupeza mudzi ku Namwera, ku Katuli, ku Makanjira kapena kwa Mponda wopanda mnyamata yemwe ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Kumeneko kugula pa intaneti n'kwa tsiku ndi tsiku. Amazon inatsegula sitolo yake ya ku South Africa mu Meyi 2024, ndipo chaka chomwecho Takealot inayambitsa umembala wake wolipira pamwezi wotchedwa TakealotMORE. Mnyamata amene akusonkhanitsa katundu woti atumize kumudzi, foni ya mayi, sipika, solala, nsapato za ana, ndiye kasitomala amene malondawa akumufuna. Afika polipira, aona batani lalikulu lowala lonena kuti akutumizirani ulere mukayesa umembala, ndipo lokana lili pansi, laling'ono, losaoneka bwino. Wadina lalikululo. Katundu wafika, wamupereka kwa wonyamula, wafika kumudzi, anthu asangalala. Iye waiwala. Patatha mwezi akufuna kutumiza ndalama pa Mukuru, apeza mu akaunti mwaperewera, osadziwa kuti zapita kuti. Kwa munthu wogwira ntchito m'shopu kapena m'munda wa maluwa, amene amawerengera randi iliyonse, R99 ya umembala pamwezi si yochepa, ndipo pachaka imakwana R1,188.

Ndiye palinso ife otsala kuno. Kale khadi logulira kunja linali la anthu a m'maofesi okha. Pano mabanki amapereka makhadi a Visa ndi Mastercard kwa aliyense wotsegula akaunti, ndipo makampani a mafoni nawo ali ndi makhadi olumikizidwa ku ndalama ya pafoni. Mphunzitsi wa ku Malindi, namwino wa ku Monkey Bay, wophunzira wofuna buku kapena kanema, onsewa akhoza kulemba nambala ya khadi pa tsamba la kunja ali khale pakhonde. N'chinthu chabwino, ndipo sindikuchinyoza. Koma taonani mmene chimapwetekera kuno kuposa kwa eni ake. Mtengo umalembedwa m'madola, ife timalipira m'makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Umembala wa madola 14.99 unachoka pa K17,700 kufika pa K25,500 pamwezi, popanda wina kukutumizirani uthenga woti mtengo wakwera, chifukwa kwa iwo sunakwere. Chowawa china n'chakuti chimene mukulipiracho sichikufikani. Kutumiza kwaulere kwa Prime ya ku America n'kwa anthu okhala komweko. Palibe galimoto ya Amazon imene idzawoloke mlatho wa Bakili Muluzi kukutulirani katundu ku Chiponde.

Mmene ndalama imachokera m'pofunikanso kumvetsa, pakuti ambiri amakhulupirira kuti popanda PIN palibe angatenge kanthu. Tsiku loyamba lija banki ikhoza kukutumizirani nambala yachinsinsi pafoni kuti mutsimikize kuti ndinudi. Koma chimene mwatsimikizacho si malonda a tsiku limodzi ayi, ndi chilolezo chokhalitsa. Miyezi yotsatira kampaniyo imangopempha ndalama ku banki, banki n'kupereka, inu muli m'tulo. Akapeza mu akaunti mulibe kanthu, makina awo satopa, amayesanso patapita masiku, ndipo tsiku limene malipiro alowa kapena mwagulitsa usipa wanu n'kuika ndalama, amatapa. Kufufuta pulogalamuyo pafoni sikuletsa kanthu. Apa ambiri amalakwitsa. Google imanena poyera kuti kuchotsa pulogalamu sikuthetsa umembala umene munalembetsa kudzera pa Play Store. Foni ikhoza kugwera m'nyanja, umembala n'kumapitirirabe, chifukwa sukhala m'foni, umakhala pa khadi.

Mono wamng'ono, umene wakola anthu ambiri kuposa wa makhadiwu, uli pa mayunitsi. Kaimeni pa kambulera ka ejenti aliyense pa msika wa Mangochi kapena pa doko la Msaka, simutha ola osamva dandaulo loti, “Foni yangayi ikudya mayunitsi.” Ndinaona mayi wina wogulitsa utaka wouma atamupatsa foni mnyamata wa pa kambulera. Inali foni ya mabatani, manambala ake atafufutika, kuseri atamanga ndi mphira. Anati, “Mwana wanga, tandionere. Ndaika ya K500 dzulo madzulo, sindinaimbire munthu, lero akuti mulibe.” Mnyamatayo anatsegula mauthenga, n'kupeza mndandanda wautali wa Chingerezi, wina wa zotsatira za mpira, wina wa malangizo a chikondi. Anati, “Mayi, munalembetsa izi.” Mayiwo anayankha kuti, “Ine mpira? Ndiudziwira kuti?” Mwina anadina pofuna kuchotsa uthenga wotulukira pafoni ali mkati mowerengera kasitomala chenji, mwina anadina mdzukulu. Ntchito zoterezi, nyimbo yomwe woimba foni amamva, nkhani za mpira, mafunso opatsa mphoto, kawirikawiri zimayamba ndi masiku aulere, kenako zimachotsa pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kuchepako ndiye mphamvu yake. Tiyerekeze kuti ndi K50 patsiku. Palibe amene angakwere kabaza kukadandaula za K50. Koma pachaka ndi K18,250, ndipo muchulukitse ndi anthu zikwizikwi.

Tsopano tifike potulukira, pomwe pali nsonga zija. Mu Juni 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linasumira Amazon. Linati kampaniyo inkalowetsa anthu mamiliyoni mu Prime iwo asanavomere bwinobwino, ndiponso inalimbitsa dala njira yotulukira. Malinga ndi chisumocho, wofuna kusiya ankadutsa masamba 4, kudina ka 6, n'kukumana ndi zosankha 15, pomwe kulowa kunali kudina kamodzi kapena kawiri. Pa tsamba lililonse ankamukumbutsa zomwe ataye, kumupatsa mtengo wotsikirako, kumufunsa ngati watsimikizadi. Bungwelo linanenanso kuti ogwira ntchito m'kampanimo ankaitchula njira yotulukirayi kuti Iliad, dzina la ndakatulo yaitali ya Agiriki akale yonena za nkhondo ya ku Troy. Kutanthauza kuti iwo eni ankadziwa kuti njirayo njaitali. Mu Seputembala 2025, mlandu utangoyamba kuzengedwa ku Seattle, Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni: 1 biliyoni ya chindapusa, 1.5 biliyoni yobwezera anthu pafupifupi 35 miliyoni. Sinavomere kuti inalakwa, koma inalonjeza kuika batani lokana looneka bwino ndi kufewetsa njira yosiyira. Batani lakale lokanira linkamulankhulitsa munthu ngati akunena kuti iye safuna kutumiziridwa katundu ulere. Ndani angafune kudina mawu otero? Kunali kumuchititsa manyazi wokanayo.

Anthu 35 miliyoni amenewa ngokhala m'dziko limene Chingerezi ndi chinenero chawo. Ngati iwo anakodwa, tisamunene kuti ndi wopusa mayi wa utaka uja, amene amalankhula Chiyao ndi Chichewa, uthenga n'kumubwerera m'Chingerezi. Vuto si nzeru za wogula. Vuto ndi kalukidwe.

Kwathu kuno tili ndi nkhani imene imaonetsa mbali ina ya kalukidwe komweka. Mu 2021 bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, CFTC, linalamula Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe. Bungwelo linapeza kuti kampaniyo inasiya kuika yokha bonasiyo m'mafoni a makasitomala oyenera kulandira, ndipo m'malo mwake kasitomala ankayenera kuipempha yekha pa 14 mwezi uliwonse. Woiwala ankaitaya. Kampaniyo inakatsutsa kukhoti, ndipo khoti linagamula kuti lamulo lakale la 1998 silinkalipatsa bungwelo mphamvu yolipiritsa chindapusa palokha. Lamulo latsopano la 2024 ndilo linadzalipatsa mphamvuyo. Chimene ine ndimatolapo pa nkhaniyi n'chakuti pa malonda ambiri a masiku ano, chinthu chikakhala chobwera kwa inu, mumayenera kukumbukira tsiku, kudina manambala, kupempha. Chikakhala chochoka kwa inu, chimayenda chokha. Kuiwala kwa munthu, komwe n'kwachibadwa, kwasanduka munda wa ena, ndipo amakolola mbali zonse ziwiri.

Ndisaname, umembala wolipira si umbava. Banja la ku Johannesburg limene limagula pa intaneti sabata iliyonse likhoza kupulumutsa ndalama zambiri polipira kamodzi pamwezi m'malo molipira wobweretsa katundu ulendo uliwonse. Kuyesa chinthu usanagule n'kwanzeru. Ngakhale kupitirira kokha kuli ndi ubwino wake kwa amene akukufuna, chifukwa palibe amene amakonda kulembetsanso mwezi uliwonse chinthu chomwe amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Alipo amene amalowa akudziwa, n'kukhalamo mokondwa. Ndiponso munthu si nsomba: amatha kuwerenga, kufunsa, ndi kutuluka akaidziwa njira. Koma pena fanizoli limachepa mphamvu poyerekeza ndi zenizeni. Nsomba imawonjoledwa kamodzi, nkhani n'kutha. Wokodwa mu umembala amawonjoledwa mwezi uliwonse, n'kusiyidwa momwemo kuti adzamupezenso mwezi wamawa.

Chimene ndimakana ine ndi chimodzi: kutenga chete wa munthu n'kumuyesa chilolezo. Pa mwambo wathu, ngakhale pa nkhani ya ukwati ankhoswe amafunsa, wofunsidwayo n'kuyankha pakamwa anthu akumva. Amene wavomera kuyesa wavomera kuyesa basi. Kugula ndi funso lina, loyenera kufunsidwa palokha pa tsiku lake. Kampani imene ikukhulupirira kuti katundu wake ngwabwino siingaope kufunsa tsiku la 30 kuti, “Masiku aulere atha, mupitirize pa mtengo wakuti?” Imene ikuopa funsoli ikudziwa kuti ambiri akanati ayi.

Anthu a kunyanja sitifunika kuphunzitsidwa kuti zida zophera nsomba zimaikidwira malamulo. Chambo chitatha ku Malombe, mu 1993 kunayamba makomiti a m'madoko, ma BVC, oti aziyang'anira zida ndi nyengo yotseka nyanja pamodzi ndi dipatimenti ya za nsomba. Sanaletse usodzi, anangoti chida chikhale chotere. Maiko ena akuchita zomwezo pa malondawa. Ku Ulaya, bungwe la ogula la ku Norway litadandaula mu 2021, Amazon inavomera mu Julayi 2022 kuti wofuna kusiya Prime azitha kutero podina kawiri kokha. Kampani ya Visa inakhazikitsa mu Epulo 2020 lamulo loti wamalonda wopereka masiku oyesera azikumbutsa mwini khadi asanayambe kumudula ndalama, ndi kumupatsa njira yosavuta yoletsera. Ku South Africa bungwe la WASPA, limene limayang'anira ogulitsa ntchito za pafoni, limafuna kuti kasitomala atsimikize kachiwiri asanalembetsedwe. Sikuti zonse zimayenda bwino. Ku America komweko lamulo la 2024 loti kutuluka kuzikhala kosavuta ngati kulowa linathetsedwa ndi khoti mu Julayi 2025 lisanayambe n'komwe kugwira ntchito, pa chifukwa choti ndondomeko yolikhazikitsira sinatsatidwe bwino. Makampani amalimbana nawo malamulo otere chifukwa akudziwa ndalama zimene zili m'kuiwala kwathu.

Podikira malamulo, pali zimene munthu angachite yekha. Mukaona mawu oti ulere ali limodzi ndi pempho la nambala ya khadi, fufuzani mtengo wa mwezi wachiwiri musanadine, ndipo muusinthe m'makwacha. Mukaganiza zoyesabe, funani poletsera tsiku lomwelo, mutu usanadzaze ndi zina. Makampani ambiri amakulolani kumaliza masiku aulerewo ngakhale mwaletsa kale, ndipo ngati salola, lembani tsiku lothera masikuwo pa kalendala, mubwezere m'mbuyo masiku 3. Mukaletsa, sungani uthenga wotsimikiza kapena jambulani tsambalo, pakuti umenewo ndiwo umboni wanu. Pa foni ya Android, tsegulani Play Store, dinani pa chithunzi cha akaunti yanu, mupite pa Payments and subscriptions, mudzaona zonse zimene zikukudulani kudzera kumeneko. Khadi logulira pa intaneti lisakhale la akaunti imene mumasungira fizi ya ana kapena mpamba wa bizinesi. Ndipo mwezi ukatha, werengani sitetimenti ya kubanki mzere ndi mzere. Ndalama yofanana ikamachoka tsiku lofanana mwezi uliwonse, pa dzina limene simukulidziwa, pitani ku banki mukafunse, ndipo ngati n'kofunika alitseke khadilo akupatseni lina.

Za mayunitsi, imbirani kampani yanu ya foni kapena pitani ku shopu yawo, muwauze kuti akuwerengereni ntchito zonse zimene nambala yanu inalembetsedwa, achotse zimene simukuzifuna. Funsaninso kuti munalembetsa liti ndiponso motani. Akakanika kukuthandizani, kuli MACRA, imene imayang'anira makampani a mafoni pansi pa lamulo la za mauthenga la 2016, kuli CFTC, kulinso bungwe la ogula la CAMA. Ambiri sadandaula poopa kuoneka ngati osaphunzira, kapena poona kuti ndalamayo njochepa. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Dandaulo limodzi la K50 silimveka, koma madandaulo ambirimbiri ofanana ndiwo amachititsa bungwe kutsegula kafukufuku. Inu achinyamata odziwa Chingerezi, tengani mafoni a mayi anu, a agogo, a malume, muwaonere mauthengawo. Mukamalankhula ndi achimwene a ku Joni pa WhatsApp, afunseni ngati anayang'ana sitetimenti yawo mwezi uno.

Kwa a MACRA ndi a CFTC, pempho langa ndi ili. Ikani lamulo lomveka kuti pa ntchito iliyonse yoyamba ndi masiku aulere, ndalama isachoke mwiniwake asanafunsidwenso n'kuyankha yekha kuti inde. Funsolo libwere m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, osati m'Chingerezi chokha, ndipo litchule mtengo m'makwacha. Pakhale nambala imodzi yaulere, yofanana pa makampani onse a mafoni, yoti munthu akaidina aone zonse zimene zikumudula n'kuzichotsa pompo. Mphamvu yochitira zimenezi Nyumba ya Malamulo inakupatsani kale, ndipo tikuyembekeza kuti muigwiritse ntchito.